Ngati Mulungu amadziwa zonse, ife timasankhadi? Mafunso ndi mayankho

Mafunso awa sindinawapeke ndekha. Ena amandifunsa ndi ana a Fomu 4 tikamaliza phunziro la fizikisi, ena amabuka pa siwa usiku nyimbo zikayamba zaleka, ena amabwera ku kalasi ya achinyamata kutchalitchi. Ndine Mkhristu ndipo ndimaphunzitsa sayansi, choncho ndayankha monga munthu amene zinthu ziwirizi amazitenga mozama tsiku lililonse.

Kodi malamulo a chilengedwe ali ngati malamulo a boma?

Ayi, dzina lokha ndilo likufanana. Lamulo la boma limakuuzani zoyenera kuchita, ndipo mutha kuliphwanya: kondakitala amatha kupanikiza anthu anayi pampando wa atatu bola apolisi asamuone. Lamulo la chilengedwe silikulamulani kanthu, limangofotokoza mmene zinthu zimachitikira nthawi zonse. Bango likathothoka mumtengo, liwiro lake limawonjezeka ndi mamita 9.8 pa sekondi, sekondi iliyonse, kaya mtengowo ndi wa mfumu kaya wa mkazi wamasiye. Madzi amawira pa madigiri 100 m'mphepete mwa nyanja yamchere, koma ku Dedza, kumene n'kokwera, amawira asanafike pamenepo, n'chifukwa chake nyemba zimachedwa kupsa kumapiri.

Mu 1687 Isaac Newton anasonyeza kuti mphamvu imene imagwetsa chipatso ndi yomweyo imene imagwira mwezi kuti uzizungulira dziko. Mnzake Edmond Halley anagwiritsa ntchito masamu omwewo nalosera mu 1705 kuti nyenyezi ina ya mchira idzaonekanso cha m'ma 1758. Iye anamwalira mu 1742, koma nyenyeziyo inabweradi. Amene anaona kadamsana wa pa 21 June 2001, pamene ku Lusaka kunada masana, akukumbukira kuti tsiku ndi ola zinalengezedwa kale pa wailesi.

Ngati sayansi ikufotokoza mvula ndi mphenzi, Mulungu watsala ndi ntchito yanji?

Funsoli limaganiza kuti Mulungu ndi sayansi akulimbirana munda umodzi, kuti wina akalima mzere, mnzake wataya mzere. Taganizirani ng'oma ikulira madzulo kutsidya kwa dambo. Mwana wasukulu akhoza kufotokoza kuti chikopa chikunjenjemera, chikukankha mpweya, mpweyawo n'kudzagunda m'khutu mwanu. Agogo anu anena kuti ng'omayo ikuitana anthu kubwalo. Ndani wanama? Palibe. Wina wayankha mmene phokoso layendera, wina wayankha chifukwa chimene lilipo.

Thomas Aquinas, amene anakhala ndi moyo kuyambira 1225 mpaka 1274, ankaphunzitsa kuti Mulungu ndiye gwero loyamba la zonse, koma amagwira ntchito kudzera mwa zolengedwa zimene anazipatsa mphamvu zawozawo: moto umatenthadi, mbewu imameradi. Baibulo nalonso siliona dongosolo la chilengedwe ngati mdani wa Mulungu. Pa Genesis 8:22 akulonjeza kuti kubzala ndi kukolola, chisanu ndi dzinja, usana ndi usiku sizidzatha, ndipo pa Yeremiya 33:25 dongosolo la usana ndi usiku likutchedwa pangano. Kwa ine, kusasinthasintha kwa chilengedwe ndiko kukhulupirika kwa Mulungu kumene tingakuyeze ndi sikelo.

Choopsa n'kumusunga Mulungu m'ming'alu ya zimene sitinazimvetse. Makolo athu anamutcha Mphambe, dzina logwirizana ndi bingu ndi ziphaliwali. Benjamin Franklin atasonyeza mu 1752 kuti mphenzi ndi magetsi, dzinalo silinathe ntchito, koma amene ankakhulupirira Mulungu chifukwa chokha chakuti mphenzi n'zosamvetsetseka anatsala manja lende. Ngakhale Newton anagwa m'mbuna yomweyi. Ankaganiza kuti mapulaneti amasokonezana pang'onopang'ono moti Mulungu ayenera kumabwera kudzawawongola. Patapita zaka pafupifupi 100, Pierre-Simon Laplace anasonyeza ndi masamu kuti kusokonezanako kumadzikonza kokha.

Ngati chilichonse chili ndi chochiyambitsa, si ndiye kuti zochita zanga zinakonzeka ndisanabadwe?

Laplace yemweyo ndiye analiika funsoli mwamphamvu mu 1814. Anati kutakhala nzeru yodziwa pamene pali kanthu kalikonse m'chilengedwe ndi mphamvu zonse zokakankha, nzeruyo ingaone za mawa ngati mmene ikuonera za dzulo. Ubongo wanu nawo ndi maatomu, ndiye kuti ngakhale mkazi amene mudzakwatire anali kale m'masamu.

Sayansi ya pambuyo pake inafooketsa chithunzichi pawiri. Mu 1927 Werner Heisenberg anasonyeza kuti sizitheka kudziwa bwinobwino, nthawi imodzi, pamene kanthu kakang'onong'ono kali ndi mmene kakuthamangira. Mukatenga mulu wa maatomu a carbon-14, tikudziwa kuti theka lake lidzakhala litasweka pakatha zaka pafupifupi 5,730, koma palibe amene angaloze atomu imodzi n'kunena tsiku lake. Albert Einstein sizinamusangalatse. Mu 1926 analembera Max Born kuti sakhulupirira zoti Mulungu amachita maere. Kenaka mu 1963 Edward Lorenz anapeza kuti pa zanyengo, kusiyana kochepetsetsa poyambira kumakula mpaka kusintha zotsatira zonse. Ichi n'chifukwa chake asayansi amalosera kadamsana wa zaka 50 zikubwerazo koma sangakuuzeni ngati kudzagwe mvula ku Mchinji pa tsiku lakuti mwezi wamawa.

Komabe ndichenjeze anzanga amene amathamangira kunena kuti fizikisi ya tinthu ting'onoting'ono imeneyi, yotchedwa quantum, yatsimikiza ufulu wosankha. Sinatero. Ngati dzanja langa likanamenya munthu chifukwa atomu ina m'mutu mwanga yangolumpha mwangozi, umenewo si ufulu, ndi khunyu. Ufulu umene timaufuna ndi wa munthu wosewera bawo: malamulo a masewerawo sasintha, nkhomo zimayenda mmene ziyenera kuyendera, koma iye amawerenga maenje, amaganizira za mnzake, n'kusankha poyambira. Popanda malamulo okhazikika, kuwerengako kukanakhala kopanda pake. Chimene sayansi yachotsa ndi kudzitama kwakuti dziko ndi wotchi yomwe tinaimvetsa kale yonse.

Ndinamva kuti asayansi anapeza kuti ubongo umasankha munthu asanadziwe. N'zoona?

Mukunena za kafukufuku wa Benjamin Libet wa mu 1983. Ankauza anthu kuti agwedeze dzanja nthawi iliyonse imene afuna, akuyang'ana wotchi, iye akuyeza magetsi a mu ubongo. Anapeza kuti ubongo umayamba kukonzeka pafupifupi limodzi mwa magawo atatu a sekondi munthu asanamve kuti wafuna kugwedeza. Zimenezo zinachitikadi. Koma kugwedeza dzanja popanda chifukwa n'kosiyana kutali ndi kusankha kukhululukira m'bale amene anakulandani munda, chinthu chimene munthu amalimbana nacho miyezi, akufunsa ankhoswe, akusowa tulo. Libet mwiniwake sankakhulupirira kuti wathetsa ufulu; ankati munthu amakhalabe ndi kanthawi koletsa chimene ubongo wayamba.

Mulungu akudziwa kale zimene ndidzachite mawa. Ndingachitenso zina?

Apa ndi pamene ana anga amandigwira kolala. Yankho loyamba n'lakuti kudziwa si kukakamiza. Augustine wa ku Hippo, kumpoto kwa Africa, anayerekeza ndi kukumbukira: mukukumbukira kuti dzulo munadya nsima ya usipa, ndipo zimenezo sizingasinthe, koma si kukumbukira kwanu kumene kunakudyetsani usipawo. Kudya ndiko kunabala kukumbukira. Momwemonso Mulungu amadziwa chifukwa inu mudzachita, osati inu mudzachita chifukwa Iye wadziwa.

Boethius, amene analemba za nkhaniyi ali m'ndende ku Italy cha m'ma 524 akudikira kuphedwa, anapita patsogolo. Anati mawu akuti kudziwiratu amatisokoneza, chifukwa Mulungu sakhala mu Lolemba n'kumasuzumira Lachiwiri. Masiku onse ali pamaso pake nthawi imodzi. Munthu amene waima pamwamba pa phiri la Zomba amaona njira yonse ndi onse oyendamo, wa kutsogolo ndi wa kumbuyo, pamene woyenda pansi amangoona pokhota pali patsogolo pake. Kuona kwa wa pamwambayo sikuyendetsa miyendo ya munthu.

Ndivomere kuti fanizoli limatsimphina. Wa paphiri sanalenge oyendawo, pomwe Mulungu analenga, akudziwa. Pamenepo mfundo imatsala yolimba, ndipo ndi pomwe mipingo inagawikana.

Nanga n'chifukwa chiyani abusa amaphunzitsa zosiyana pa nkhaniyi?

Chifukwa mkanganowu ndi wakale kuposa mipingo yathu yonse. Kuchiyambi kwa zaka za m'ma 400, Pelagius ankaphunzitsa kuti munthu ali ndi mphamvu yosankha zabwino payekha. Augustine anati chifuniro cha munthu chinadwala ndi tchimo ndipo sichingadzuke popanda chisomo. Msonkhano wa ku Carthage wa mu 418 unakana chiphunzitso cha Pelagius. Mu 1524 Erasmus analemba zoteteza ufulu wosankha, Martin Luther namuyankha mwaukali chaka chotsatira. John Calvin ku Geneva anatsindika kuti Mulungu anasankhiratu opulumuka. Jacobus Arminius wa ku Netherlands anati chisomo chimaperekedwa koma munthu atha kuchikana. Msonkhano wa ku Dort wa 1618 mpaka 1619 unaima ndi mbali ya Calvin.

Nkhani ya ku Dort si yakutali monga imamvekera. Amishoni a Dutch Reformed Church amene anafika ku Mvera mu 1889, komwe kunachokera Sinodi ya Nkhoma, anabwera ndi chiphunzitso chimenechi, ndipo a ku Scotland amene anayambitsa Blantyre ndi Livingstonia anali a mwambo womwewo wa Calvin. Akatolika, a Methodist ndi mipingo yambiri ya chipentekoste amapereka malo okulirapo ku kuvomera kwa munthu.

Chimene ambiri sadziwa n'chakuti mkanganowo unali makamaka wa chipulumutso, osati wakuti munthu ndi chidole. Chivomerezo cha Westminster cha mu 1646, chimene Apresbiteriyani amachilemekeza, chimati Mulungu anakonzeratu zonse, koma m'chiganizo chomwecho chimakana kuti Iye ndi mwini tchimo, kapena kuti chifuniro cha zolengedwa chimachitidwa nkhanza. Baibulo lenilenilo limagwira mbali zonse ziwiri osachita manyazi. Yosefe anauza abale ake kuti iwo anamupangira zoipa koma Mulungu anazipangira zabwino. Sananene kuti iwo analibe mlandu. M'buku la Eksodo, pena timawerenga kuti Mulungu anaumitsa mtima wa Farao, pena kuti Farao anaumitsa mtima wake.

Asilamu amati chiyani?

Kukhulupirira qadar, chikonzero cha Allah, ndi imodzi mwa nsanamira za chikhulupiriro chawo, ndipo nawonso anakangana zaka mazana. Gulu la Mu'tazila linkati munthu ndiye mwini zochita zake, apo ayi chiweruzo sichikanakhala cholungama. Otsatira al-Ash'ari ankati Allah ndiye amalenga chochitacho, munthu n'kuchitenga kukhala chake. Al-Ghazali, amene anamwalira mu 1111, anafika ponena kuti si moto umene umatentha thonje, koma Allah amalenga kupsako nthawi iliyonse moto ukakhudza thonje. Ibn Rushd wa ku Córdoba anamutsutsa kuti kukana mphamvu za zinthu n'kukana nzeru.

Nkhani imene ndimaikonda ndinaimva kwa mnzanga wa ku Mangochi amene tinkaphunzitsa limodzi. Khalifa Umar ali pa ulendo wa ku Syria anamva kuti kumeneko kwagwa mliri, nabwerera. Wina atamufunsa ngati akuthawa chikonzero cha Allah, anayankha kuti akuthawa chikonzero cha Allah kupita ku chikonzero cha Allah. Palinso mawu odziwika a Mtumiki Muhammad kwa munthu wa ngamira: aimange kaye, kenaka adalire Allah.

Chozizwitsa si kuphwanya malamulo a chilengedwe?

David Hume anachitanthauzira choncho mu 1748, ndipo ambiri anangotengera. Ine sindiona choncho. Bango likamagwa ine n'kuliwakha, mphamvu yokoka ya dziko sinaphwanyidwe. Kwangolowa dzanja limene poyamba panalibe. Lamulo limanena zimene zimachitika ngati palibe wina wolowererapo. Ngati Mulungu alipo, palibe chomuletsa kulowererapo m'nyumba yake. Ndipo zina zimene Baibulo limazitcha zodabwitsa zinadzera m'chilengedwe momwemo: pa Eksodo 14:21 nyanja inagawikana ndi mphepo yamphamvu ya kum'mawa imene inaomba usiku wonse.

Koma chozizwitsa chimadziwika chifukwa n'chosowa. Munthu akakuuzani kuti musiye ma ARV kapena mankhwala a shuga poti wakupemphererani, kumbukirani kuti Satana anauza Yesu kuti adziponye pansi kuchokera pamwamba pa kachisi, natchula ndi vesi lomwe. Yesu anakana, nati Mulungu sayesedwa.

Namondwe wa Freddy anali chilango cha Mulungu?

Funsoli ndimaliyankha ndi mtima wolemera. M'mwezi wa March 2023 matope ndi miyala zinatsika m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe, ndipo ku Mulanje, Phalombe ndi Chiradzulu midzi inakokoloka. Anthu mazanamazana anafa, ena sanapezeke mpaka lero. Namondweyo anabadwira kufupi ndi Australia m'mwezi wa February, anawoloka nyanja yonse ya Indian, nakhala masiku 36, nthawi yaitali kuposa namondwe wina aliyense amene analembedwapo. Chimene chinkamudyetsa ndi madzi ofunda a m'nyanja, kutentha komweko kumene kumatibweretsera mvula ya chimanga. Walira mvula walira matope. Palibe fizikisi ina ya mvula yabwino ndi ina ya mvula yoipa.

Yesu anafunsidwa funso longa ili. Pa Luka 13 anatchula anthu 18 amene nsanja ya ku Siloamu inawagwera, nafunsa ngati iwo anali ochimwa kuposa ena onse a mu Yerusalemu. Anayankha yekha kuti ayi. Amene anaima pa maliro a ana a ku Chilobwe n'kumalalikira kuti n'chifukwa cha machimo awo, analankhula zimene Mbuye wawo anazikana.

Tsono pali mbali ina imene sitiyenera kuithawa. Mvula sitinaisankhe, koma phiri lopanda mitengo lili ndi mbiri ya zosankha za anthu: makala amene tonsefe timagula m'tauni, malo amene anagawidwa pamtsetse, ngalande zosakonzedwa, machenjezo amene sanafike kapena sanamveke. Sindikuloza chala mayi amene anamanga m'mbali mwa phiri chifukwa ndi pokhapo pamene ndalama zake zinafika. Ufulu wake unali wopapatiza, ndipo anaupapatiza ndi ena amene anali ndi ufulu wotakasuka. Pa Deuteronomo 22:8 womanga nyumba akulamulidwa kuika kampanda padenga kuti munthu asagwe, apo ayi magazi ali pa nyumbayo. Lamulo limenelo lili ndi nzeru chifukwa chakuti mphamvu yokoka siisankha nkhope.

Chifukwa chimene Mulungu sanaimitsire matopewo usiku umenewo, pamene akanatha, ndi funso limene Yobu analira nalo, ndipo sindidzanamizira kulitseka ndi ndime imodzi.

Chidakwa chimene chikuti sichingathe kusiya, chili ndi ufulu?

Chili nawo, koma wochepa, ndipo ukunka nuchepa. Ufulu si nyali yamagetsi yoti yayaka kapena yazima; uli ngati munda umene umakula ukamalimidwa, n'kumera tchire ukasiyidwa. Kachasu amasinthadi ubongo, ndipo botolo la zaka khumi silikanidwa mophweka ngati la tsiku loyamba. N'chifukwa chake ngakhale makhoti saweruza mwana kapena wodwala misala mofanana ndi wamkulu wa nzeru zake. Munthu wotereyu mwina sangathe kukana botolo lili m'manja, koma atha kusankha m'mawa, mutu uli bwino, kudzera njira ina yosadutsa pa shabini, kupereka malipiro kwa mkazi wake, kapena kupita kuchipatala. Kumuuza kuti ndi mmene Mulungu anamulengera n'kumukwirira wamoyo, ndipo kumuuza kuti angolimba mtima basi n'kusadziwa matendawo.

Pemphero limasintha kanthu ngati zonse zili m'dongosolo?

Funso lomweli lingafunsidwe za khasu. Ngati Mulungu akudziwa kale kuti mudzakolola matumba angati, mukulimiranji? Mumalima chifukwa zokololazo zimabwera kudzera m'kulimako. Amene timapemphera timakhulupirira kuti pemphero nalo ndi imodzi mwa njira zimene Mulungu anaziika kuti zinthu zizichitikira. Makolo athu ankapita ku Msinja kwa Makewana, ndipo a kuchigwa cha Shire ku Khulubvi kwa M'bona, kukapempha mvula, koma mbewu ankasunga padenga la khitchini kuti utsi uziteteze ku anankafumbwe, ndipo mizere inkakhala itapangidwa kale mitambo isanabwere.

Kodi n'kulakwa kunena pa maliro kuti inali nthawi yake?

Zimatengera amene akunena, ndi chimene akufuna kuphimba. Mayi wofedwa akanena kuti Mulungu anapereka, Mulungu watenga, akutsamira pa chinthu chokhacho chimene chatsala chilili, ndipo palibe wa nzeru amene angamutsutse pamenepo. Imfa sithawika, tsoka silinunkha. Mawu amenewa anatonthoza anthu ambiri ife tisanabadwe.

Koma ndinawamvapo mawu omwewo akutuluka m'kamwa mosayenera. Msuweni wanga anafa pa ngozi ya minibasi akuchokera kokagula katundu wa geni yake. Tayala lakutsogolo linaphulika pamtsetse. Titapita kukaona galimotoyo, tayalalo linali losalala ngati chikhatho, mawaya ali pamtunda, ndipo amene anapulumuka anati anadandaula za liwiro kawiri konse koma dalaivala anangokweza wailesi. Pa maliro, nthumwi ya mwini galimoto inaimirira, inavula chipewa, n'kunena modekha kuti zonse zinalembedwa, tsiku likakwana palibe angalizembe. Anthu anang'ung'udza movomereza. Ine m'mimba munandiotcha. Mphira ukatha umaphulika ukatenthedwa ndi kulemedwa, ndipo mwini galimotoyo ankadziwa zimenezi bwino kuposa ife tonse. Anawerengera mtengo wa tayala, nasankha kudikira sabata ina. Tsopano ankafuna kuti Mulungu asenze mlandu wake.

Pa Machitidwe 27, Paulo ali m'chombo pakati pa namondwe, analonjezedwa kuti mwa anthu 276 amene anali mmenemo palibe adzafe. Koma oyendetsa chombo atafuna kuthawa pa kabwato, Paulo yemweyo anauza asilikali kuti anthu awa akachoka, inu simupulumuka. Asilikali anadula zingwe za kabwatoko. Chombo chitasweka, odziwa kusambira anasambira, ena anagwira matabwa, onse nafika kumtunda. Lonjezo linakwaniritsidwa, ndipo linadzera m'mipeni, m'mikono ndi m'matabwa.

Azakhali anga, mayi a malemuyo, mpaka lero amati inali nthawi yake, ndipo ine sindinawatsutsepo. Ndikapita kukawaona timakhala pakhonde, amandiwotchera chimanga, timapemphera. Pobwerera ndikafika pa siteji ndimayamba ndazungulira minibasi kuyang'ana matayala onse anayi, makondakitala akundiseka kuti abambo awa ndi a trafiki, ndipo kawiri konse ndatsikapo ndalama nditalipira kale.